Kusankha chikwama cha kumsana cha ulendo wapansi wa ku Santiago de Compostela

Njira imene amwendamnjira ambiri amadzera popita ku Santiago de Compostela, mzinda wa kumpoto chakumadzulo kwa Spain komwe Akatolika amati kuli manda a mtumwi Yakobo, imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France. Dzina lake ndi Camino Francés, ndipo kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 780. Munthu woyenda makilomita 20 kapena 25 patsiku amaimaliza pa masiku 31 mpaka 39. Tsiku loyamba lenilenilo ndi lokwera mapiri a Pyrenees, chitunda cha mamita oposa 1,200, musanatsetserekere ku Roncesvalles, m'dziko la Spain. Chilichonse chimene mwalongedza mudzakwera nacho phirilo, m'mawa mwake n'kuchiberekanso, mpaka mwezi kutha.

Anthu ambiri amathamangira kugula chikwama kenako n'kumafunafuna zoikamo. Dongosolo labwino ndi lotembenuza zimenezo: katundu ayambe wadziwika, msana uyezedwe, chikwama chigulidwe pomaliza. Mukatsata ndondomeko ili m'munsiyi, mwina mudzapeza kuti chikwama cha malita 30 mpaka 40 n'chokwanira, koma nambalayo mufike nayo nokha, musangoitola kwa wogulitsa.

Gawo loyamba: dziwani mwezi wonyamuka ndi kumene muzigona

Kukula kwa chikwama kumadalira kwambiri zinthu ziwiri, zofunda ndi zovala za mphepo. Zina zonse ndi zazing'ono.

Pa Camino Francés simufunika tenti, mapoto kapena ufa wa pa ulendo. Midzi ili pafupipafupi, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nyumba yogona amwendamnjira yotchedwa albergue, momwe muli mabedi osanjikizana, bafa ndi pochapira. Mumasonyeza kabuku kanu ka ulendo, kotchedwa credencial, amadindamo chidindo, n'kukupatsani bedi. Chakudya mumagula m'njira. Ndiye zikwama zikuluzikulu za malita 60 kapena 70 zija, zimene anthu amanyamula akamakagona kuthengo masiku angapo, si za ulendo uno ayi.

Mwezi ndiwo umasintha zinthu. Mu June, July ndi August kumatentha, makamaka pa dera lokwera lathyathyathya la Meseta pakati pa Burgos ndi León, ndipo kansalu kopyapyala kogonamo kamakwanira. Wotere malita 28 mpaka 33 amamukwana. Mu April, May, September ndi October m'mawa mumazizira, ndipo pamalo okwera ngati Cruz de Ferro (mamita pafupifupi 1,500) ndi O Cebreiro (pafupifupi 1,300) mphepo imalowa m'mafupa. Pamenepo pakufunika thumba logonamo lopepuka ndi juzi, choncho ganizirani malita 33 mpaka 38. Woyenda m'nyengo yachisanu, kuyambira November mpaka March, afike 40 kapena 45, komanso adziwe kuti ma albergue ambiri amakhala otseka ndipo njira ya pamwamba pa Pyrenees, ya Napoleon, imatsekedwa kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March.

Kutalika kwa ulendo sikusintha kanthu. Amene akuyambira ku Sarria, makilomita pafupifupi 115 kuchokera ku Santiago, kuti angokwanitsa makilomita 100 ofunika polandira setifiketi ya Compostela yosonyeza kuti wamaliza ulendowu, amanyamula zofanana ndi amene wayambira ku France. Onse amachapa madzulo aliwonse. Izi ambiri zimawavuta kukhulupirira, n'chifukwa chake mumaona munthu wa ulendo wa mwezi atalongedza zovala za mwezi.

Gawo lachiwiri: yalani katundu yense pamphasa ndipo mumuyeze

Yalani mphasa kapena chitenje pansi, muikepo zonse zimene mukuganiza zotenga. Zovala zoyendera zikhale ziwiri, chimodzi m'thupi china m'chikwama: malaya awiri ouma msanga, kabudula kapena thalauzi ziwiri, zamkati ziwiri kapena zitatu, masokosi mapeyala atatu. Onjezani juzi imodzi, jekete yamvula, chipewa, patapata zovala madzulo kuti mapazi apume, tawulo laling'ono, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira, mswachi, mankhwala anu, pulasitala wa matuza, foni ndi chaja chake, katochi, pasipoti ndi credencial, botolo la madzi, ndi chogonamo. Majinzi asiyeni. Ndi olemera, ndipo mukawachapa madzulo m'mawa amakhala akadali onyowa.

Tsopano yezani. Sikelo yopachika ngati ya ogula mbewu imagwira bwino ntchito: ikani zonse m'thumba, pachikani, werengani. Ngati muli ndi sikelo yopondapo, dziyezeni nokha kaye, kenako mutanyamula thumbalo, n'kuchotsera.

Lamulo limene oyenda pa Camino amalitchula kawirikawiri ndi lakuti katundu asapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lanu. Wa makilogalamu 60 anyamule 6, wa 75 anyamule 7 ndi theka. Ndi poyambira pabwino, koma musalitenge ngati lamulo la Mose. Munthu wa makilogalamu 100 asaganize kuti waloledwa kunyamula 10, chifukwa maondo ake ali kale ndi ntchito yambiri. Munthu wochepa thupi, wa makilogalamu 50, kufika pa 5 n'kovuta, ndipo 6 si tchimo. Ine ndimaona kuti chikwama choposa makilogalamu 8 chimakhala ndi zinthu zosafunika, kaya mwini wake ndi wamkulu bwanji.

Powerengera musaiwale zinthu ziwiri zimene sizili pamphasapo. Choyamba ndi chikwama chenichenicho, chimene chikakhala chopanda kanthu chimalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Chachiwiri ndi madzi: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Masiku ambiri lita imodzi imakwana popeza m'midzi muli mipopi (yolembedwa kuti agua no potable musamwe), koma pali malo ngati kuchoka ku Carrión de los Condes kupita ku Calzadilla de la Cueza, makilomita 17 opanda mudzi pakati ndiponso mthunzi wosowa, pamene mudzafuna lita ndi theka kapena awiri. Ndiye ngati malire anu ndi makilogalamu 7, zimene zili pamphasa zisapose 4 ndi theka.

Zikapyola, yambani kuchotsa. Zoyamba kuchoka zikhale zimene mwaziika ndi mawu akuti "mwina zingafunike". Ku Spain kuli mafamase ndi masitolo. Pamplona, Logroño, Burgos ndi León ndi mizinda yaikulu ndithu. Mankhwala otsukira mano akatha mudzagula ena. Baibulo lalikulu la pa tebulo lisiyeni kunyumba, mutenge laling'ono kapena la mu foni.

Gawo lachitatu: yezani malita ndi ndowa

Kulemera ndi nkhani ina, malo amene katundu akudya ndi nkhani inanso. Thumba logonamo lotchipa likhoza kukhala lopepuka koma lofufuma moti lokha n'kudzaza theka la chikwama.

Tengani ndowa ya malita 20, youma. Pindani zovala mozikulunga, ikani zonse mu ndowamo mothinikiza pang'ono monga mmene mungachitire m'chikwama, kusiyapo zimene muzivala poyenda. Ikadzadza, khuthulani pambali n'kuyambanso ndi zotsala. Ngati mwadzaza ndowa imodzi ndi theka, katundu wanu ndi wa malita 30. Pamenepo onjezani malita 5 a buledi, zipatso, ndi juzi imene mudzavule dzuwa likakwera. Malo a chakudyawa ndi ofunika chifukwa masitolo a m'midzi ya ku Spain amatseka masana kwa maola angapo, ndipo Lamulungu ambiri satsegula n'komwe. Yankho lanu ndi malita 35.

Ndowa ziwiri zikadzadza katundu n'kutsalabe, musafunefune chikwama chachikulu. Bwererani pamphasa.

Pali chifukwa chimene ndikukanira chikwama chokhala ndi malo ambiri otsala. Malo opanda kanthu amaitana katundu: nsapato zachiwiri, buku, mphatso zogula m'njira. Ndipo ngakhale mutadziletsa, katundu wochepa m'chikwama chachikulu amatsikira pansi n'kumagwedera, chikwamacho n'kumakukokerani m'mbuyo. Chochepetsetsa nachonso chili ndi vuto lake. Mudzayamba kumangirira zinthu kunja, patapata uku, botolo uku, ndipo m'mawa uliwonse mudzalimbana ndi zipi mumdima anzanu akugona. Pa ziwirizi, bola chotsala malita atatu kapena asanu kusiyana ndi chothina.

Dziwaninso kuti makampani sawerengera malita mofanana. Ena amaphatikiza matumba a kunja, ena ayi. Mukaona polembedwa 35+10, ndiye kuti chikwamacho ndi cha malita 35 koma chivindikiro chake chimakwezeka kuti mulowe ena 10.

Gawo lachinayi: yezani msana wanu

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Chikwama cha malita oyenera koma chosagwirizana ndi kutalika kwa msana wanu chidzakupwetekani kuposa chachikulu chokukwanani bwino.

Chikwama cha ulendo wautali chimapangidwa kuti katundu wambiri akhale m'chiuno, pa lamba wokhuthala uja, mapewa azingochigwirizira kuti chisagwere kumbuyo. Kuti zimenezi zitheke, mtunda wochokera pa lamba kufika pamene zingwe za m'mapewa zasokedwa uyenera kufanana ndi msana wanu. Kutalika kwa munthu sikunena zambiri. Anthu awiri ofanana msinkhu, wina akhoza kukhala wa miyendo yaitali ndi msana waufupi, winayo mosiyana.

Pezani tepi ya telala ndi munthu wokuthandizani. Weramitsani mutu, mugwire kumbuyo kwa khosi: pali fupa limene limatukuka pamene khosi lakumana ndi mapewa. Poyambira ndi pamenepo. Kenako gwirani m'chiuno ndi manja onse, pamwamba penipeni pa mafupa a m'mbali, zala zazikulu zitaloza kumsana. Mzere wolumikiza zala ziwirizo ndiwo pothera. Imani mowongoka, mnzanuyo ayeze kuchokera pa fupa la khosi lija, motsata msana, kufika pa mzerewo. Akuluakulu ambiri amapeza pakati pa masentimita 38 ndi 55. Lembani nambalayo. Yezaninso kuzungulira chiuno pa mafupa omwewo, osati pamene pamakhala lamba wa thalauzi.

Kampani iliyonse, kaya Osprey, Deuter, Gregory kapena Decathlon, ili ndi tchati chake chosonyeza kuti S, M kapena L ndi masentimita angati, ndipo sizifanana. Zikwama zambiri za masiku ano zili ndi msana wosuntha, woti mukhoza kukweza kapena kutsitsa zingwe za m'mapewa. Ngati mukugula osachiyesa, kapena wachibale wa ku Johannesburg kapena ku London ndiye akukugulirani, sankhani chamtunduwu ndipo mumutumizire manambala awiri aja. Ziliponso zopangira amayi, za msana waufupi, zingwe zopindika kuti zisapanikize pachifuwa, ndi lamba wogwirizana ndi chiuno chotakata (za Deuter zimalembedwa SL). Bambo wa msana waufupi asachite nazo manyazi ngati zamukwana.

Gawo lachisanu: chiyeseni muli katundu

Chikwama chopanda kanthu chilichonse chimamveka bwino. Pitani kogula ndi katundu wanu weniweni m'thumba, kapena pemphani aikemo zinthu zolemera makilogalamu 6 kapena 7. Mabotolo a madzi okulungidwa m'chitenje amathandiza.

Masulani zingwe zonse, berekani, weramani pang'ono. Yambani ndi lamba wa m'chiuno: pakati pa mbali yake yofewa pagwere pa mafupa a m'mbali aja, mumange molimba ndithu. Kutsogolo, pakati pa mbali zofewa ziwirizo, patsale mpata wa zala zingapo. Zikakumana pamchombo ndiye kuti lambayo ndi wamkulu, ndipo poti anthu ambiri amatsikako thupi pa ulendo wa mwezi, pofika ku León mudzasowa pomangira. Kenako kokani zingwe za m'mapewa mpaka zigone paphewa, osathina. Kenako tizingwe ting'onoting'ono tochokera pamwamba pa phewa kupita kumutu kwa chikwama, timene timachikokera kumsana. Pomaliza kachingwe ka pachifuwa, kakhale zala ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa mafupa a pakhosi.

Tsopano imani cham'mbali pagalasi, kapena wina akujambuleni pa foni. Zingwe za m'mapewa zizungulire phewa n'kukalowa m'chikwama pang'ono chabe m'munsi mwa nsonga ya phewa. Mukaona mpata pakati pa chingwe ndi phewa, woti dzanja n'kulowa, chikwamacho chatalika. Zingwe zikamakalowa kutali m'munsi, cha pakati pa msana, ndipo mukumva katundu yense akukanikiza mapewa, chafupika. Kwezani mapewa m'mwamba: chikwama chokwana bwino sichikwera nawo kwenikweni chifukwa chakhazikika m'chiuno. Yang'anani kumwamba, mutu usagunde chivindikiro. Yendani nacho mphindi 15 kapena 20, kwerani masitepe ngati alipo. Wogulitsa akayamba kutopa nanu, musamale za msana wanu, osati za nkhope yake.

Za kumsana kwa chikwama pali mitundu iwiri. Ina ili ndi ukonde wokungika umene umasiya mpata kuti mphepo izidutsa, yabwino pa dzuwa la Meseta, koma chikwamacho chimakhala chopindika mkati ndipo kulongedza kumavutirapo. Ina ili ndi siponji yogunda kumsana, imachititsa thukuta koma katundu amakhala pafupi ndi thupi. Zonse ndi zabwino, sankhani imene yakukomerani. Chimene ndingaumirire ndi matumba a m'mbali oti mufikire botolo osatula chikwama, ndi kathumba ka pa lamba koikamo foni.

Ogula pa kaunjika, zikwama zabwino zimapezeka, koma fufuzani. Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse kangapo. Manganimangani zomangira za pulasitiki, makamaka ya pa lamba, mumve ngati ikugwira. Pisani dzanja mkati: ngati nsalu ikumata kapena ikusupuka tizidutswa toyera, mphira woteteza madzi unatha. Pindani kumsana kwake muone ngati muli chitsulo kapena pulasitiki yolimbitsa, chifukwa chopanda cholimbitsa sichingatsitsire katundu m'chiuno, chili ngati chikwama cha kusukulu basi. Zipi ndi chingwe chothothoka telala akhoza kukonza. Kutalika kwa msana sangakonze.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: longedzani, muyende nacho masiku awiri otsatizana

Zopepuka zofufuma, monga thumba logonamo, zipite pansi. Zolemera zikhale pakati, zogunda kumsana, monga mmene mayi amamangira mwana pafupi ndi thupi kuti asamukokere chagada. Jekete yamvula ndi chakudya zikhale pamwamba. Ku Galicia, chigawo chomaliza cha ulendowu, mvula ndi ya nthawi iliyonse, ndiye yalani jumbo lalikulu lolimba mkati mwa chikwama musanaike zovala, ngakhale chikwamacho chili ndi chophimba chake. Koma tinthu ting'onoting'ono musatiike m'majumbo aphokoso. M'chipinda cha anthu 30, munthu wofwanyula majumbo 5 koloko m'mawa amadedwa ndi onse.

Kenako yendani. Makilomita 15 kapena 20 Loweruka, enanso Lamulungu, pa nsapato zomwe mudzavale ku Spain. Tsiku lachiwiri ndi limene limanena zoona, chifukwa pamene panangofiira dzulo lero pamasupuka. Pakhale chitunda ndi chitsetso: phiri la Zomba, la Dedza, Michiru, kapena njira yochokera ku Likhubula kukwera Mulanje kwa amene ali pafupi. Potsetsereka ndi pamene mumadziwa ngati chikwama chikugwedera.

Mukabwerako, mvetserani thupi. Dzanzi m'manja kapena kuwawa pamwamba pa mapewa ndiye kuti katundu ali m'mapewa: mangani lamba kwambiri, masulani zingwe pang'ono, kapena talikitsani msana wa chikwama. Kusupuka pa mafupa a m'chiuno nthawi zambiri kumabwera ndi msoko wa kabudula kapena lamba wa thalauzi amene wapanikizika pansi. Kuwawa m'munsi mwa msana kumasonyeza kuti zolemera zili kutali ndi thupi. Mukasintha zonsezi kangapo koma osasintha kanthu, chikwamacho si chanu, ndipo kuli bwino kuchigulitsa muli kwanu kusiyana ndi kukachitaya ku Pamplona n'kugula china pa mayuro.

Gawo lomaliza: ndege, positi ndi pakhomo la tchalitchi

Chikwama cha malita 30 mpaka 38 nthawi zambiri chimaloledwa kulowa nacho m'ndege, ndipo ichi ndi chifukwa china chosankhira chaching'ono. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka amasintha ndege kamodzi kapena kawiri, ndipo chikwama chikasochera m'njira ulendo wonse umaima. Makampani ambiri amalola kutalika kosaposa masentimita 55, ndiye yezani chitsulo cha kumsana chija, popeza sichipindika. Ndege zotchipa za ku Ulaya monga Ryanair zimakhwimitsa kwambiri muyeso ndipo zimalipiritsa padera. Ndodo zoyendera ndi kampeni nthawi zambiri saloleza m'ndege, choncho mukagule ku Saint-Jean-Pied-de-Port komweko, masitolo ake alipo.

Mukazindikira muli kale m'njira kuti mwanyamula zambiri, pitani ku positi ofesi ya Spain, Correos. Amatumiza phukusi ku Santiago n'kukusungirani mpaka mufike, pa mtengo wotengera kulemera ndi masiku. Correos yomweyo ndi makampani ena amanyamulanso chikwama chonse kuchoka pa albergue ina kukachisiya pa ina tsiku lomwelo, zimene zimathandiza okalamba ndi amene bondo lavuta. Wofuna kudalira njirayi tsiku lililonse akhale ndi kachikwama kena ka malita 15 kapena 20 ka madzi ndi jekete, asungitsiretu malo ogona, komanso afunse kaye chifukwa ma albergue ena, makamaka a boma ndi a mipingo, salandira zikwama zobwera pa galimoto.

Pa albergue, chikwama musachiike pabedi. Nsikidzi zimayenda ndi zikwama kuchoka nyumba ina kupita ina, ndipo oyang'anira ena amakupatsani jumbo kapena bokosi loti muchiikemo. Chipachikeni kapena chiimikeni pansi kutali ndi matiresi.

Ku Santiago, m'tchalitchi chachikulu saloleza kulowa ndi chikwama cha kumsana. Ngati mukufuna kupezeka pa Misa ya amwendamnjira ya 12 koloko masana tsiku lomwe mwafika, nyamukani m'mamawa kuti mupeze nthawi yokachisiya kogona kwanu kapena pa malo osungitsa katundu amene ali pafupi ndi tchalitchicho, kuphatikizapo ofesi ya Correos ya pa Rúa do Franco. Credencial yokha muitulutse musanachisiye, chifukwa idzafunika ku ofesi ya amwendamnjira pa Rúa das Carretas pokatenga Compostela.